Apongozi Pakhomo pa Bogi

Fungo la ndimu yofinyira m'phulusa limandibwezera kwa agogo aNankhoma, amayi awo a amayi anga, ataima pa ndowa yovundikira, akupukuta bogi ya sitima. Bogiyo inali pa kanjanji kapambali, kumapeto kwa Mgona, kumene nyumba zinkathera n'kuyamba udzu. Eni ake anaisiya pamenepo sitima ya anthu itayamba kusowa, ndipo palibe amene ankabwera kudzaizonda. Inali ya chitsulo choyera chija chosachita dzimbiri, cha mizeremizere ngati lata, ndipo dzuwa la m'mawa likaimenya, azimayi opita kotunga madzi ankadutsa ataphimba maso.

Kuwalako kunali kwa agogo. Ankasefa phulusa la m'mbaula mpaka lisalale ngati ufa woyera, n'kufinyiramo mandimu, n'kumapukuta ndi nsanza ya chitenje, kutsata mizere ya chitsulo, osaipingasa. Waya wokwechera mapoto sankaulola kufika pafupi. Ankati umasiya tinyenyeswa take m'chitsulo, mvula ikabwera timadontho tofiira n'kutuluka. Akatha kupukuta ankasesa mozungulira, kuzula udzu pakati pa njanji, ndi kuthamangitsa ife ana tikafuna kulembapo maina ndi makala.

"Pamene pasesedwa pali mwini," ankatero. "Pamene pamera udzu aliyense ndi mfumu."

Anthu ankati agogo mutu sukuyenda bwino. Chifukwa chimene ankasamalira bogiyo agogowo anandiuza kamodzi kokha. Agogo aamuna atamwalira kwawo ku Salima, abale a malemu anatenga zonse, ndi mpando womwe, n'kuwauza kuti anyamuke. Anakwera sitima ali ndi beseni ndi amayi anga. M'bogimo munthu wina anafuna kuwachotsa pampando, koma woona matikiti anati, "Asiyeni mayiwa, mpando ndi wawo." Agogo ankalumbira kuti inali bogi yomweyi, ankaizindikira ndi kachipsera ka pachitseko. Kaya n'zoona, sindidziwa. Sindinawatsutsepo.

Abambo anga anali wokhoma zidebe. Iwo ndi anzawo ankapanga ndowa, mbaula ndi mapoto pansi pa chisakasa, ndipo phokoso la nyundo zawo linali wotchi ya dera lonse. Chaka china malata anasowa, nyundo zinakhala chete, kwathu tinayamba kudya kamodzi. Mnzawo wina, a Jailosi, munthu wamtali wa pakamwa, ndiye anayambitsa nkhani: mbali imodzi yokha ya bogi ija ingatulutse mapoto okwanira msika wonse wa Kawale, osachita dzimbiri. Anapita n'kukajambula ndi khala poyambira kudula. Sizasi yaikulu yodulira chitsulo chokhuthala inali ya abambo, choncho popanda iwo panalibe ntchito.

Ine ndinamva, ndipo kunena zoona mimba yanga inali kumbali ya a Jailosi. Agogo nawo anaona mzere wa khalawo. Sanaupukute. M'mawa mwake anayala mkeka pansi pake penipeni, n'kukhala, miyendo atatambasula, beseni la phulusa lili pambali.

Tsono kwathu mkamwini sayang'anizana ndi apongozi ake. Akakumana panjira amapatuka, akafuna kuyankhula amatuma munthu. Abambo anali a mwambo kwambiri, ndipo agogo ankadziwa. Abambo atafika ndi anzawo, dzuwa litakwera, anangoti kuona mpango wa agogo, n'kutembenuka, kukanjuta kuseri kwa chulu, chipewa chili m'manja. Anandikodola.

"Levisoni, kawauze agogo ako kuti tawaona."

Ndinathamanga. Agogo anati, "Kawauze abambo ako kuti zikomo, adzuka bwanji."

"Kawauze kuti tadzuka, koma timapempha kuti asendere pamthunzi, dzuwali n'loipa."

"Kawauze kuti dzuwali ndinabadwa nalo."

Ndinayenda pakati pa chulu ndi mkeka mpaka mapazi anatentha. Anthu anayamba kusonkhana, ogulitsa zitumbuwa ndi azimayi a ndowa pamutu. A Jailosi anaseka.

"APhiri, tabwera kudzadula chitsulo kapena kudzafunsira mbeta? Bweretsani sizasiyo, ine si apongozi anga amenewo."

Anailanda m'manja mwa abambo n'kulunjika pabogi. Kuti afike pamzere wa khala, anayenera kudumpha miyendo ya agogo. Anaima.

"Amayi, tapindani miyendo. Chinthuchi chilibe mwini, chikungowola."

"Chikuwola pati? Talozani," anatero agogo. "Dziyang'anireni nkhope pamenepo, muone kuti lero simunasambe."

Anthu anafa nacho chiseko. A Jailosi anakwiya, nakweza phazi. Agogo sanasunthe. Anandiitana, ndipo ulendo uno sananong'one, anakweza mawu kuti chulu chimve.

"Levisoni, kawauze abambo ako kuti pano pali mwamuna akudumpha miyendo ya apongozi awo, iwo ali pomwepo. Uwauzenso kuti ndinanyamutsidwapo kamodzi pamoyo wanga. Kawiri ayi."

Sindinathamange. Panalibe choti ndikanene. Kuseri kwa chulu abambo anadzuka. Anabwera cham'mbali ngati nkhanu, nkhope atalozetsa kutchire kuti asawaone agogo, nagwira a Jailosi pamkono.

"Jailosi, tsitsa phazi. Bweza sizasi yanga."

"Ndiye ana anu adya mwambo?"

"Adya chimene ndiwapezere. Tsitsa phazi."

Anthu atabalalika, agogo anatenga nsanza n'kupukuta mzere wa khala uja, kutsata mizere ya chitsulo monga mwa masiku onse. Sizasi abambo anaitsekera m'bokosi. Miyezi imeneyo ankasenza matumba ku Kanengo, ndipo ankabwera msana utauma. Sanadandaule ine ndikumva. Ine ndinawakwiyira agogo kwa nthawi, iwo osalabadira n'komwe.

Mvula itayandikira, Lamulungu lina agogo ali kutchalitchi, ndinaona abambo pamwamba pa bogi akukhoma kachidutswa ka lata pamene pankadontha. Agogo pobwera anayang'ana m'mwamba, nati, "Kaya ndani ameneyo, koma misomali wakhoma mowongoka." Abambo atamva uthengawo anangokanda m'mutu.

Patapita zaka, eni ake anatumiza mutu wa sitima kudzakoka bogiyo. Tinkaopa kuti agogo agona panjanji. Iwo anavala chitenje chawo cha kutchalitchi, napukuta kachipsera ka pachitseko komaliza, ndipo mateyala atalira, bogi n'kusuntha, analulutira mpaka mawu anasasa.

"Mwaiona?" anauza a Jailosi, amene anaima m'gulumo. "Yachoka ndi miyendo yake. Sinachoke m'mapoto."

Lero ndimakhala ku Area 25, ndipo kuseri kwa nyumba yanga kuli mjigo umene unafa kale. Anyamata ogula zitsulo amadutsa ndi wilibala, amauyang'ana, amafunsa ngati uli ndi mwini. Sindikangana nawo. Ndimangotuluka ndi tsache.