Thanki ya Nsomba ya Achimwene ku South Bend

Achimwene anandiimbira foni ndili pa nthawi yopuma kuchipatala komwe ndimagwira ntchito ya unamwino kuno ku Indianapolis. Anati apeza thanki ya galasi yowetera nsomba za m'nyanja ya mchere, yaikulu kwabasi, ndipo mwini wake amakhala ku Lawrence, kufupi ndi kwathu. Ankafuna ndiwapemphere pikapu ya amuna anga kuti Loweruka tikainyamule.

"Nsomba zake za ndiwo?" ndinawafunsa.

"Zongoonera, iwe. Ndikufuna mwana akamabwera azipeza chinachake."

Nthawi imeneyo n'kuti banja lawo litangotha kumene. Mlamu wanga anali atachoka m'nyumba yawo ya ku South Bend pamodzi ndi mwana wawo mmodzi yekhayo, mtsikana amene anali adakali ku pulayimale. Khoti linagamula kuti mwanayo azibwera kwa bambo ake kumapeto a sabata zina. Tsiku lina sukulu inamutengera mwanayo ndi anzake ku Chicago kokaona nsomba, ndipo atabwerako sankakambanso china koma tinsomba tofiirira ta mizere yoyera timene anakaona kumeneko. Achimwene anangomva zimenezo, basi mutu wawo unadzaza thanki.

Loweruka lija anafika m'mawa. Thankiyo inali yaitali kuposa bedi la munthu wamkulu, galasi lake lokhuthala ngati chala. Amuna anga ataiona anangogwira m'chiuno. Anachita kuitana azibambo awiri a kutchalitchi kwathu kuti adzathandize, ndipo anthu anayiwo anaitulutsa m'nyumba ya mwini wake akubuula. Tinaikulunga ndi mabulangete, n'kuuyamba ulendo wa ku South Bend pa msewu wa 31, pang'onopang'ono, magalimoto ena akutipitirira. Uku ndi uku inali minda ya chimanga yokololedwa kale, yongoti mbee mpaka kumene maso alekezera. Ine ndinakwera galimoto ya achimwene, tikutsatira pikapu pambuyo. Ulendo wonse maso awo anali pa mabulangete aja.

Achimwene amagwira ntchito yokonza makina m'malabu a yunivesite ina ya kumeneko, ndiye za mapaipi ndi mawaya sizinkawaopsa. Anayamba ndi kulimbitsa pansi pa chipinda chochezera. Anaimika mizati yachitsulo m'besimenti, chipinda cha pansi pa nyumba, akuti madzi akadzaza thankiyo ikhoza kuboola matabwa n'kukagwera pansi. Ndikakhala kuti sindili pa shifiti ndinkapita kukawaona, osati chifukwa cha nsomba ayi, koma ndinkaopa mmene ankakhalira okha. M'nyumbamo munali mutatsala mpando umodzi wautali ndi tebulo. Pakhoma pankaoneka pamene panali zithunzi.

Ulendo uliwonse ndinkapeza chatsopano. Mu kabati ya pansi pa thanki anaikamo thanki ina yaing'ono yobisika, momwe munali sefa, mahita awiri otenthetsera madzi, pampu yokwezera madzi m'mwamba, ndi makina ena opanga thovu amene ankakoka zonyansa n'kuzitayira m'kapu. Madzi a pampopi ankati ndi poizoni kwa zamoyo za m'nyanja. Anali ndi makina osefera amene ankadontheza madzi oyera m'migolo iwiri m'besimenti, tsiku lonse dontho dontho. Mgolo ukadzaza ankathiramo mchere wogula m'zidebe, n'kutakasa, kenako n'kudontheza pang'ono pa kachipangizo koyezera mchere kamene ankakasuzumira ataloza ku windo.

"Tabwera uone," ankatero. "Mzerewo ukakwera kuposa apa, zonse zifa. Ukatsika, zifanso."

Tinatsuka mchenga woyera mpaka manja anga anachita makwinya. Tinasanja miyala yobookabooka, iwo akumata ndi guluu, n'kubwerera m'mbuyo kukayang'ana, n'kudzagumulanso. Pamwamba anapachika nyali zowala mobiriwira ngati kumwamba, moti munthu ukamadutsa panja unkaona nyumba yonse ikuwala mtundu wachilendo.

Madzi atadzaza ndinkayesa kuti tsopano tikagula nsomba. Anati ayi. Thanki yatsopano imafunika kudikira masabata ambiri kuti tizilombo tosaoneka ndi maso timene timadya zonyansa tiswane kaye m'miyala. Anaponyamo kachidutswa ka nkhanu yaiwisi kuti kaolere momwemo, n'kumayeza madzi m'timabotolo tsiku ndi tsiku.

Ndinalipo Loweruka lina mwana uja atabwera. Anagunditsa mphuno pagalasi n'kufunsa m'Chingerezi kuti nsomba zili kuti. Chichewa amamva, koma sayankha m'Chichewa.

"Zikubwera, mayi," anatero bambo ake. "Nyumba yake ikukonzedwa kaye."

Anayang'anabe pang'ono miyala ija, imene inali itayamba kuchita ndere zofiirira ngati dzimbiri, kenako anakakhala pampando.

Madzi asanakhwime, mlamu wanga anapeza ntchito ku Texas. Nkhani inabwereranso kukhoti, ndipo analoledwa kupita ndi mwanayo, kuti azibwera kwa bambo ake pa tchuthi chachikulu. Achimwene anandiuza zimenezi atagwada kutsogolo kwa kabati ija, mutu uli mkati, akumanga paipi imene inkadontha.

"Ndiye thankiyi bwanji?" ndinafunsa.

"Bwanji chiyani? Tandipatsira sipanala iyo."

Mwana anapita. Nsomba zinalowa m'thanki sinowo, madzi oundana ogwa ngati ufa aja, itayamba kale kugwa. Zoyamba zinali ziwiri, zofiirira za mizere yoyera zomwe zija. Kenako anayamba kugula makorali, tizamoyo tomera pamiyala ya pansi pa nyanja, tooneka ngati maluwa koma tili nyama. Ankagula tizidutswa tating'ono ngati nsonga ya chala, n'kumata pamwala, n'kumadikira. Ankaimbira mwanayo pa vidiyo, n'kulozetsa foni ku thanki. Iye ankati n'zokongola, kenako n'kunena kuti ali ndi homuweki.

Panapita zaka. Ndinene zoona, thanki ija inakongola. Makorali ena anachita nthambi ngati nyanga za gwape, ena ankagwedezeka ndi madzi ngati udzu wa m'dambo kukamaomba mphepo, ena obiriwira mochita kuwawa m'maso. Munali nsomba yachikasu yopyapyala ngati tsamba, ina yokumba mchenga ndi pakamwa, ndi tinkhono toyeretsa galasi. Koma achimwene anayamba kusowa pagulu. Amalawi tikasonkhana pa ukwati kapena pa chikondwerero cha ufulu, iwo ankafika mochedwa n'kunyamuka anthu asanadye. Pa Khirisimasi ankabwera kwathu, koma kugona ayi.

"Achimwene, mwadiraiva ulendo wonsewu, gonani mupite mawa."

"Sindinachekinge madzi. Hita imodzi ikuvutavuta."

Mwana uja anabwera chilimwe china atatalika pafupifupi kufanana nane. Ndinapita dala kukamuona. Bambo ake anamupatsa kasupuni ka chakudya cha nsomba kuti athire yekha. Anathira, nsomba zinathamangira, iye anamwetulira mwaulemu n'kubweza kasupuniko. Ine anandikumbatira, ndinamufunsa za sukulu, anayankha bwinobwino. Palibe chimene analakwitsa. Anali atangokula basi, ndipo anakulira kwina. Anadandaula kuti phokoso la mapampu likumulepheretsa kugona, ndiye bambo ake anazimitsa makina a thovu aja masiku onse amene anakhalako. Nthawi yambiri ankakhala kwa anzake akale a kusukulu. 

Mayi athu kumudzi ku Ntcheu anadwala nthawi yaitali. Ine ndinapita kukawadwazika, ndipo ndinatha tchuthi changa chonse kumeneko. Nditabwerera kuno, pasanapite nthawi, uthenga unafika woti atisiya. Kunali pakati pa nyengo yozizira. Kuntchito sakanandilolanso kuchoka nthawi yaitali, ndiye tinagwirizana kuti apite achimwene, amene anali asanapondeko kumudzi chiyambireni thanki ija. Ine ndizipita ku South Bend masiku opuma kukaona nsomba. Anandisonyeza zonse mofulumira, chikwama chili kale pakhomo, maso ali ofiira. Anaika kachipangizo kothira kokha chakudya, anadzaza migolo, n'kundipatsa kiyi.

Ulendo woyamba ndinapeza zonse zili bwino. Kenako kumpoto kuja kunagwa mvula yozizira, ija imauma ikangokhudza chinthu. Nthambi za mitengo zinalemedwa n'kugwera pa mawaya, ndipo mbali ya achimwene magetsi anazima. Ine ndinali pa shifiti zotsatizana, ndipo ngakhale ndikanachoka, msewu sunkayendeka. Ndinaimbira bambo wina wachikulire woyandikana nawo nyumba, koma anali atathawira kwa mwana wake chifukwa cha kuzizira komweko.

Msewu utatseguka ndinanyamuka m'mawa. Magetsi anali atayakanso. Nditangotsegula chitseko, fungo linandilandira, fungo la zinthu za m'madzi zoola, lolowa mpaka kukhosi. Mapampu ankalira monga mwa masiku onse, nyali zikuwala, koma madzi anali otuwa ngati otsukira mpunga. Makorali a nthambi aja anali atayera mbuu, mnofu wake ukusendeka n'kumayandama. Nsomba yachikasu inali itakakamira pa sefa. Ndinayang'anitsitsa ndipo ndinaona imodzi mwa ziwiri zofiirira zija ili pakona, ikupuma movutikira. Inzake sindinaione.

Ndinavuula zakufa zimene ndinakwanitsa, ndinasintha madzi ndi a m'migolo mpaka anatha. Kenako ndinakhala pampando uja ndi foni m'manja. Kumudzi n'kuti maliro ataikidwa dzulo lake. Ndinaimbira achimwene. Kumbuyo kwawo ndinkamva mawu a azimayi ndi kulira kwa tambala.

Ndinawafotokozera. Nditamaliza, anandifunsa.

"Iweyo uli bwino? Unayenda bwino pamsewu?"

"Ndili bwino, achimwene. Pepani."

"Zimitsa nyali zapamwambazo. Zinazo uzisiye choncho."

Atabwera ndinakawachingamira ku bwalo la ndege kuno ku Indianapolis, n'kuwaperekeza mpaka kwawo. Anali ataonda. Analowa m'nyumba, anaika chikwama pansi, n'kuima kutsogolo kwa thanki jekete asanavule. Ndere zinali zitayamba kale kuphimba zigoba za makorali. Anatsikira m'besimenti n'kubwera ndi ndowa, paipi yopopera madzi, ndi chopanira chachitali.

Anayamba ndi kugwira nsomba yotsala ija n'kuiika m'ndowa ya payokha. Kenako anapinda malaya n'kuyamba kuzula makorali limodzilimodzi. Ankathyoka ngati mabisiketi. Ine ndinkanyamula ndowa za madzi kukataya kungalande ya m'besimenti, n'kubwerera, n'kunyamulanso.

Ali mkati mozula ndi pamene anayamba kundiuza za maliro, osandiyang'ana. Anati mvula inagwa tsiku lonse, ndipo galimoto yonyamula bokosi inatitimira m'matope pafupi ndi mlatho, moti anthu anachita kunyamula pamapewa mpaka kumanda. Anati azimayi a chigwirizano anaimba nyimbo imene mayi ankaikonda posinja, ndipo iwo anapeza kuti mawu ake ena awaiwala. Anati azakhali athu sanawazindikire poyamba, anawapatsa moni ngati mlendo. M'chipinda cha mayi anapezamo juzi imene anawatumizira kalekale, idakali m'pepala lake, chifukwa mayi ankati adzaivala mwana wawo wamwamunayo akadzabwera.

"Ndikanatha kupita chaka chatha," anatero. "Ngakhale chaka chinacho."

Ndinaika ndowa pansi. Chimwalirireni mayi ndinali ndisanalire bwinobwino, chifukwa kuno maliro umalira pafoni, mawa lake n'kupita kuntchito. Ndinalira pamenepo, nditakhala pa masitepe a besimenti, manja akununkha madzi oola. Achimwene anapitiriza kutulutsa miyala n'kumaisanja pa nyuzipepala. Sanasiye mpaka thanki inatsala mchenga wokha.

Nsomba ija tinapita nayo kusitolo kumene ankagula zinthu zawo. Mayi wogulitsa ankawadziwa bwino. Anawapepesa, n'kunena kuti makasitomala ena angapo anaonanso zomwezo sabata ya mvula ija. Anawauza kuti akafuna kuyambiranso awapatsa tizidutswa ta makorali. Achimwene anathokoza, n'kunena kuti aganizira.

Sanayambirenso. Thanki inakhala yopanda kanthu m'chipinda chochezera mpaka kunja kutafunda, kenako anaipereka kwa mnzawo wa kuntchito pamodzi ndi mapampu ndi nyali zonse. Chaka chotsatira anagulitsa nyumba ija n'kupeza ntchito kuno. Panopa amakhala m'kanyumba ka lendi ku Beech Grove, ndipo Lamlungu lililonse akaweruka kutchalitchi amadzera kwathu. Amadya, amaonera mpira ndi amuna anga, nthawi zina amagona pampando pakamwa pali yasa. Imvi zawachuluka. Akadzuka amatsuka mbale yawo okha ngakhale ndiwaletse, n'kuvala jekete kumapita.