Denga la Diretori Mmodzi

Pa banka yanga, kamsasa kogulitsirapo malonda ku Chiputo, wogula akati "basi, ndapita," amayenda pang'onopang'ono, khutu lili kumbuyo, kudikira kuti ndimuitane. Ndipo ndimamuitanadi. Nzeru imeneyi yandidyetsa moyo wanga wonse, mwina n'chifukwa chake ndinayamba kuiyesa mankhwala a nthenda iliyonse.

A Diretori atsopano a sukulu yogonera konko anafika m'chilimwe kuchokera ku Tete. Munthu wofatsa, wogula sopo osanenerera mtengo, moti ndinkachita manyazi n'kuwatsitsira ndekha. Chimene chinkawasowetsa mtendere ndi denga. Mphepo inali itasasula malata a nyumba yogona ana, mvula ili pafupi, ndipo kwathu kuno matope akayamba palibe kamiyau, galimoto ya katundu, yofika. Akuluakulu awo kutauni ankangoti mawa, mawa.

"Bambo Diretori, inu mumapempha ngati mkamwini," ndinawauza. "Kanenani kuti mukusiya ntchito. Muimirire, mulunjike kukhomo. Musanagwire chitseko akuitanani."

"Nanga akapanda kundiitana?"

"Kutchire kuno angavomere kubwera ndani? Mbuzi pamsika ndinu nokha, mtengo mutchule ndinu."

Anaseka, koma ndinaona kuti mawuwo alowa.

Anapita kumsonkhano ku Tete. Pobwera anatsikira pa banka yanga, osavala tayi.

"Akulu, ndinanena monga munandiuzira. Mkulu wathu uja anangothokoza kuti obrigadu, n'kundigwira chanza. Kani mlamu wake ankafuna mpando wa udiretori kalekale."

"Munayenda bwanji popita kukhomoko?"

"Ngati munthu."

"Ndi pamenepo! Osagwetsako chipewa? Osawerama kumanga chingwe cha nsapato? Mwathamanga, bambo!"

Anandiyang'ana nthawi yaitali, ine ndikuyeza ndi maso mtunda wokafika kuseri kwa matumba a mchere. Kenaka anagula sopo, ndipo kwa nthawi yoyamba ananenerera mtengo mpaka ndinatuluka thukuta. Anachoka asanaone ngakhale chimanga chathu chikumera.

Mlamu uja anafika mitambo itayamba kuda, atakhala kutsogolo kwa kamiyau, kumbuyo kutadzaza malata. Kwa iye akuluakulu sananene za mawa. Mvula yoyamba inapeza ana ali pouma.

Anthu akandifunsa kuti dengalo linadya zingati, ndimati diretori mmodzi wabwino. Mtengo wokwera, inde, koma kumsonkhanoko ine kunalibe kuti ndinenerere.