Tsitsi Langa Linatsala ku Kathmandu

Amuna anga anamwalirira m'chipatala kuno ku Leicester m'nyengo yozizira, ndipo ine ndinawatentha. Ndimanena choncho mosazungulira chifukwa ndi mmene abale awo amanenera kumudzi. Anapempha okha. Anagwira ntchito zaka zambiri kosungira katundu ku Corby, kulawirira basi ya shifiti, ndipo matenda atawapanikiza anandiuza kuti, "Mayi, makatoni ndanyamula okwanira m'dziko muno. Ine musadzandipakire m'ndege ngati katoni." Ndinkayesa nthabwala, poti anali munthu wosatha nthabwala pakamwa. Koma anabwereza mawu omwewo pamaso pa abusa.

Mwambo wake kumalo otenthera mitembo sunakwane ndi ola lomwe. Tinaimba nyimbo ziwiri, katani inatsekeka yokha, bokosi osaonekanso, panja banja lina likudikira kale nthawi yawo. Ndinalira mwaulemu, ngati ndikupepesa eni nyumba. Patapita masiku anandipatsa phulusa m'kamtsuko, ndipo ndinakaika m'wodiropu kunyumba kwathu ku Braunstone, kuseri kwa majekete awo.

Kwathu maliro sathera pa kuika. Pamatsala kumeta: abale a mwamuna amasonkhana, mmodzi wa iwo n'kumeta mkazi wamasiyeyo, kumumasula kuti apitirize moyo wake. Woyenera kundimeta ine anali alamu anga, mlongo wawo wamkulu wa malemuwo. Koma alamuwo atamva kuti kulibe mtembo ukubwera, anangoti pa foni, "Mwaotcha mchimwene wanga ngati zinyalala. Kuno tilibe maliro oti timete." Kuyambira tsiku limenelo foni yanga sankayankha. Tsitsi langa ndinalisiya momwemo, osalipesa, kumangolibisa m'duku. Amayi a kutchalitchi ankati zometazo n'zachikale, ndingoziiwala, koma ndikudziwa kuti ambiri a iwo anametedwapo mpala ali phee. Ine zinkandiwawa. Ndinali namfedwa wosamasulidwa.

Kunyumba yosamalira okalamba komwe ndimagwira ntchito ndili ndi mnzanga wochokera ku Nepal, mayi wamfupi wolankhula mofulumira. Tsiku lina tikutembenuza agogo ena pabedi, duku langa linavuka. Iye anayang'ana mutu wanga. Nthawi ya tiyi ndinamufotokozera zonse.

"Mwezi wamawa ndikupita kwathu ku Kathmandu kukaona amayi," anatero. "Tiye limodzi. Holide yako ukungoiwerengera makoma."

Ndinavomera chifukwa ndinalibe mphamvu zokanira.

Kathmandu inandilandira ndi fumbi ngati la kwathu m'mwezi wa Okutobala, njinga zamoto zosasiyira munthu njira, ndi mawaya a magetsi opiringizana pamitengo moti sindikudziwa kuti wokonza amayambira pati. Mapiri otchuka aja sindinawaone, anabisala kuseri kwa utsi masiku onse. Mnzangayo anandiyendetsa ngati mwana wasukulu. Tinaona bwalo la mafumu akale, nyumba za njerwa zofiira za mawindo osemedwa mwaluso, zina zitachirikizidwa ndi mitengo chifukwa cha chivomezi. Tinakwera masitepe mpaka pakachisi wa paphiri pomwe anyani amalanda anthu chakudya m'manja. Tinapitanso pamalo ena opatulika, chinthu chachikulu choyera chonga chulu, chokhala ndi maso ojambulidwa mbali zonse zinayi. Anthu amachizungulira molowera kumodzi, akupukusa timagudumu ta mapemphero. Ine ndinayamba kuzungulira mosemphana nawo, mpaka mayi wina wachikulire wovala mkanjo wofiirira anandigwira mapewa n'kunditembenuza ngati mbuzi yosochera. Zonsezi zinali zokongola, sindikana. Koma ndinkaziona ngati mmene wodwala malungo amaonera chakudya.

Malo omaliza mnzanga anazengereza nawo. Ndi kachisi wamkulu wa Ahindu m'mbali mwa mtsinje wa Bagmati, pomwe amatenthera akufa. "Ngati sukufuna tisapite," anatero. Ndinati tiye.

M'kachisimo ife achipembedzo china satilola kulowa, choncho tinawoloka kamlatho n'kukhala pamasitepe a tsidya lina. Mtsinje wake ndi waung'ono, wamadzi akuda. Patsidya panali timapulatifomu tamiyala, pena nkhuni zosanjikizidwa bwino, pena moto ukuyaka kale. Tikuyang'ana choncho anabwera amuna atanyamula mtembo pamachira a nsungwi, wokutidwa nsalu yachikasu, maluwa ali pamwamba. Anautsitsira kumadzi n'kuusambitsa mapazi. Kenaka anaugoneka pankhuni, mwana wamwamuna wa malemuyo n'kuuzungulira atanyamula moto.

Pambali panga panali alendo ochokera kumaiko ena, makamera ali m'maso, wina akutafuna mtedza. Mtima wanga unabwadamuka. Kwathu ukaona masamba pamsewu umatsika njinga, chipewa n'kuvula, ngakhale womwalirayo sukumudziwa. Maliro saonerera ngati mpira. Ndinatsegula chikwama, ndinatulutsa chitenje chomwe sindiyenda osachitenga, n'kumanga m'chiuno. Ndinavula nsapato, ndinakhala pansi n'kutambalala.

Sindinakonzekere kulira. Utsi utangokwera, kulira kunabwera kokha, kwa kumudzi kwenikweni, kokweza mawu, kotchula munthu. Ndinawaitana amuna anga. Ndinawafunsa kuti andisiyira yani m'dziko la eni. Makamera ena anatembenukira kwa ine, ndipo mnzanga anaimirira kutsogolo kwanga n'kutambasula mpango wake kunditchinga. Sananditonthoze. Anandisiya ndilire.

Motowo unayaka nthawi yaitali, ndipo panalibe wofulumizitsa mnzake. Abale anakhala pomwepo, wina akusonkhezera nkhuni, ena atagwira m'masaya. Panalibe katani. Zomwe zinachitikira amuna anga kuseri kwa katani ija ku Leicester ndinazionera pamenepo, pa bambo wa eni amene sindinamudziwe. Zinali zoopsa kuziona, koma sizinali zomwe alamu anga ananena. Zinyalala sazisambitsa mapazi.

Nditapukuta misozi ndinaona chinthu china. Chapansi pang'ono amuna awiri ananjuta pamwala, wometa akuwapala mitu ndi lumo, kumangosiya katsitsi pang'ono pankhongo.

"Awo akutani?" ndinafunsa.

"Ndi ana a womwalira. Bambo kapena mayi akamwalira, ana aamuna amameta."

"Ndiye kuti nanunso mumameta," ndinatero. Ndinayamba kuvala nsapato. "Ndiperekeze kwa bambo uyo."

Anandigwira mkono. "Iwe, amameta amuna okha. Ndipo ndiwe mlendo. Angodabwa nawe."

Ndinakhalanso pansi, manyazi atandigwira. Tinabwerera kunyumba kwawo, utsi uja ukununkhabe m'chitenje changa.

Mnzanga anawafotokozera amayi ake madzulo amenewo. Nawonso ndi amasiye. Mnzangayo anandiuza kuti chimwalirireni amuna awo, amayiwo sanavalenso zofiira, mtundu wa akazi apabanja kumeneko. Ine ndi iwo tinalibe chilankhulo chimodzi, tinkangomwetulirana popatsirana mbale. M'mawa mwake anandikodola, ndinawatsatira padenga la nyumba pomwe amayanika zovala. Panali kampando, beseni la madzi ofunda, sizasi ndi lezala. Anandivula duku okha. Tsitsi linali litagwirana zolimba, sizasi inkachita kukana, ndipo ankang'ung'udza m'chinenero chawo ngati mmene amayi anga ankachitira pondipesa ndili mwana. Atamaliza kundimeta anandisambitsa mutu, anaika dzanja lawo paliwombo panga kanthawi, n'kukulunga tsitsilo m'kansalu. Tsiku lomwelo ndinabwerera kumtsinje kuja n'kukaliponya m'madzi momwe amasesera phulusa la akufa awo. Mphepo inkandizizira m'mutu. Ndinkaganiza kuti basi, zatha.

Ku Leicester ndinapeza mvula yomwe ndinaisiya. Kuntchito ena ankandiyang'ana mwachifundo, kuyesa ndayamba mankhwala a khansa. Lamlungu lake ndinalimba mtima n'kuimba foni ya kanema kwa mwana wa alamu anga, ndipo ndinamupempha awapatsire amayi ake. Nkhope yawo inatulukira, itakalamba kuposa mmene ndinkaikumbukira. Anali atakhala pakhonde. Anayang'ana mutu wanga nthawi yaitali.

"Wakumetani ndani?"

"Mayi ena, alamu. Amasiye anzanga, kutali uko."

"Ndi abale athu?"

"Ayi."

Ndinayamba kuwafotokozera za mtsinje uja, za mapazi osambitsidwa, kuti kuli anthu amene amatentha akufa awo mwaulemu, akuwalira ngati ife. Ndinalankhula zambiri, mwina zoposa muyeso. Sanandidule. Sanakalipenso ngati poyamba paja, ndipo bola akanakalipa.

"Ndamva," anatero pomaliza, motsitsa mawu. "Mwapepukidwa, zili bwino. Tsitsi limera, mlamu. Nanga ine mchimwene wanga ndizikamulimira pati? Pamanda a amayi tinamusiyira malo pambali. Mpaka pano ndimakazula udzu pamalo popanda munthu."

Mwana wawo anatenga foni, anati netiweki ikuvuta, n'kudula.

Ndinatsegula wodiropu, ndinasuntha majekete n'kutulutsa kamtsuko kaja. Ndinakhala nako pabedi, kali pamiyendo. Eni ake anati asakwere ndege. Mlongo wawo akupalira malo opanda kanthu. Ndinakabwezera pomwe kanali, poti basi ya kuntchito inali pafupi kufika.

Tsitsi linameradi. Linamera loyera.