Bango la Mayi Aida Matola

Mayi Aida Matola, amene tinawaika m'manda Lachiwiri lapitali, anabadwira ku Chowe m'chaka cha 1956. Sukulu analekezera Sitandade 3, chifukwa mayi awo atamwalira panalibe wina wolera azing'ono awo. Anabatizidwa ali ndi zaka khumi ndi zinayi. Kolona imene analandira tsiku limenelo inaduka kangapo, iwo n'kumailumikiza ndi ulusi wa ukonde, ndipo apita nayo kumanda.

Atakwatiwa ndi bambo Edward, amene ankaphika pa hotela ina ku Makokola, anasamukira kuno kunyanja. Anabereka ana anayi, awiri n'kumwalira ali makanda. Bambo Edward atatisiya mu 1998, mayi Aida analera otsalawo ndi geni ya mandasi ndi usipa wouma.

M'tchalitchi mwathu sanakhalepo pa udindo. Kwaya sanaimbe, kuwerenga kunkawavuta. Malo awo anali pamphasa ya ana, kumanzere kwa guwa, atagwira kabango kotalika ngati mkono. Mwana akayamba phokoso nthawi ya Misa ankangomugunda nako paphewa, nkhani yatha. Ambiri amene tili ndi ana lero tinagundidwapo ndi bango limenelo.

Analakwitsapo kamodzi, ndipo ankasimba okha. Kamtsikana kena kankawakoka chitenje ulaliki uli mkati, iwo n'kukatontholetsa kawiri. Chonsecho kankafuna kuwauza kuti mng'ono wake watsamwidwa ndi njere ya masawu. Mwanayo anapulumuka, koma kuyambira tsikulo mayi Aida ankayamba awerama kaye n'kufunsa kuti, “Ukuti chiyani?” bango lisanagwire ntchito.

Chaka chatha anayamba kutaya magazi, pomwe kumwezi anasiya kalekale. Anabisa miyezi isanu, monga timachitira ambiri. Amene anazindikira anali mayi Asiatu, Msilamu woyandikana nawo nyumba, amene ankachapira nawo limodzi. Iwowa sananyengerere. Anawakweza minibasi mpaka kuchipatala, ndipo atawatumiza ku Blantyre anapita nawo kukawadikirira. Madokotala anapeza khansa ya khomo la chiberekero, itafalikira kale.

Kumeneko namwino wina dzina lake Sumaiya anawapempha kuti alowe nawo m'kafukufuku. Anawafotokozera kuti thupi linapangidwa ndi tizigawo totchedwa maselo, ndipo m'maselomo mumayenda mauthenga olamula zoti zichitike. Mulinso tinthu tating'ono zedi totchedwa maikulo RNA, timene ntchito yake ndi kutontholetsa mauthenga ena. Tina mwa ito tikachepa, uthenga wouza maselo kuti aswane sulekeza, chotupa n'kumangokula. Tina tikachuluka timatontholetsa uthenga wabwino umene ukanaletsa matendawo. Anati ofufuza akufuna kudziwa ngati tinthuti tingaoneke m'magazi matenda asanakule, komanso ngati tsiku lina angadzapange mankhwala obwezera tinthuti mwakale. Sanawanamize. Anati iwowo sizidzawachiritsa, n'zothandiza obwera m'mbuyo.

Mayi Asiatu akuti apa m'pamene mayi Aida anaseka koyamba chilowereni m'chipatalamo.

“Mwanangu, usavutike n'kufotokoza,” anatero. “Ntchito ya tinthu takoto ndaigwira zaka makumi atatu, ndipo kutontholetsa wolakwika ndikukudziwa. Tenga magaziwo.”

Anadinda chala papepala, n'kubwerera kwathu ndi mankhwala ochepetsa ululu. Pofuna kuti asamavutike ndi maulendo, a kafukufuku ankabwera ndi galimoto kudzatenga magazi kunyumba. Anthu anaona galimotoyo, anaonanso pulasitala pamkono. Pasanathe sabata mbiri inali itafika kumsika: akuti mayi Aida akugulitsa magazi kwa anamapopa, akuti amakhala pakati pa ana n'cholinga chosankha onenepa.

Lamulungu lotsatira amayi tinachotsa ana athu pamphasa n'kuwapanikiza pamabenchi. Ndikuti tinachotsa chifukwa ine wolemba ndinali mmodzi mwa oyamba. Mayi Aida ndi amene ananditontholetsera mwana wanga tsiku la ubatizo wake, koma sindinapite kukawafunsa kalikonse.

Mwana wawo Howard anabwera kuchokera ku Monkey Bay ali wolusa. Anawauza kuti ayisiye nkhani ya magaziyo, dzina la banja likuipa. Iwo anamuyankha kuti chala anadinda ndi chawo, osati chake. Bambo Mfumu nawo anapempha kuti alengeze zoona zake pa Misa. Mayi Aida anathokoza koma anakana. Anati matenda a kumalo kumeneko salengezedwa paguwa abambo ndi apongozi ali pompo. Chimene chinkawapweteka sichinali dzina. Ankaopa kuti adzafa ana aja akuwathawa.

Malamulungu asanu ndi limodzi anakhala okha pamphasa ija, bango lili pamiyendo, ana akusokosera kumabenchi. Ankabwera msanga monga kale, n'kuyamba asesa mphasayo.

Loweruka lina, pamsonkhano wa amayi okhaokha, tinangoona akulowa atakoloweka dzanja paphewa la mayi Asiatu. Anali ataonda kwambiri. Anatulutsa pepala lija m'chikwama n'kundipatsa ine kuti ndiwerenge mokweza, poti ndinafikako Fomu 1. Ndinawerenga lonse. Nditamaliza anayankhula atakhala pansi.

“Ana anga, ine ndili ndi khansa ya khomo la chiberekero. Ndinabisa miyezi isanu, ndiye yandidya. Magazi anga palibe wagula, ndimapereka ndekha, kabotolo kochepa ngati chala ichi. Inu musandimvere chisoni, mukayezetse. Sizitenga ndi ola lomwe.”

Mayi wina wa kumbuyo anafunsa kuti nanga bwanji sananene kale, anthu n'kumavutika ndi maganizo. Amene anayankha anali mayi Asiatu.

“Munawafunsa?”



M'mawa mwake mphasa inadzaza mpaka ana ena anakhala pasimenti. Mayi Aida anakhala nawo Malamulungu ena atatu. Lomaliza analibe mphamvu yonyamula bango, koma ana anangokhala chete okha. Kenako mayi Aida anagona, matenda atakula. Analandira sakramenti la odwala Lachisanu, ndipo Loweruka m'mawa dzuwa litakwera anatsirizika mwakachetechete, Howard atawagwira dzanja limodzi, mayi Asiatu linalo.

Zotsatira za kafukufuku uja sanazimve, mwina ifenso sitidzazimva msanga. Chimene tikudziwa n'chakuti amayi khumi ndi anayi a pamsonkhano uja tinapita kukayezetsa. Awiri anatipeza ndi tizilonda tongoyamba kumene, n'kutithandiza tsiku lomwelo. Ine ndine mmodzi mwa awiriwo. Mwana wanga wamng'ono sanakwanitsebe zaka ziwiri, ndipo ndikhala ndi moyo kuti ndimulere ndekha.

Bango lija Howard walisiya kutchalitchi. Amayi tagwirizana kuti tizisinthana pamphasa, ndipo lamulo ndi limodzi: usanagunde munthu paphewa, werama kaye umufunse kuti akuti chiyani.

Ambuye amene anawatumikira pamphasa awalandire, ndipo mzimu wawo uuse mumtendere.