Chibwibwi cha a Ng'oma

Ana ankawatchula kuti a Ng'oma, ndipo dzinalo linamera mizu mpaka ife aphunzitsi anzawo tinasiya lenileni. Ine ndinkaphunzitsa m'chipinda choyandikana ndi chawo. Khoma lake linali lopyapyala, ndiye ntchito yawo ndinkaimva tsiku lililonse, ndifune ndisafune.

Bambowa anabadwa ndi chibwibwi choopsa. Moni wokha unali ngati kukankha galimoto yofa batire. Pamsonkhano wa aphunzitsi sankatsegula pakamwa, ndipo kugolosale ankangoloza ndi chala. Koma paja ukaipa dziwa nyimbo. Ali mnyamata anatulukira kuti akamagogoda chinthu motsatana ndi mawu, lilime limamasuka. Choncho m'kalasi ankagwira rula yamtengo n'kumagogoda desiki, mawu n'kumatuluka osalala ngati a pa wailesi. Masamu omwe ankaphunzitsa choncho, koma mtima wawo unali pa ndakatulo. Mwana akalemba za mphaka wa kwawo kapena za nsapato yothina, kalasi yonse inkagogoda mzerewo pamadesiki. Mzere ukapunthwa, mwini wake ankadzimvera yekha pamene palakwika, osachita kuuzidwa. Phokosolo linkandipweteka mutu, sindibisa, koma ana awo ankalemba bwino kuposa anga.

A Ng'oma anali atatsala pang'ono kupuma pantchito, ndipo ankaopa chinthu chimodzi chokha: kuchotsedwa pamaso pa ana nthawi isanakwane. Mantha amenewa sanali opanda pake. A Hedi athu, mayi wokonda alendo kuposa ana, anali atanena kangapo konse kuti makolo ena akudandaula kuti ana awo atengera chibwibwi, ngati kuti ndi chimfine.

Kenako kunabwera matabuleti. Anabwera nawo ndi mtsikana wa ku kampani ina, womwetulira ngakhale pamene palibe choseketsa. Mkati mwake munali pulogalamu yophunzitsa ana kupeka ndakatulo. Mwana amanena mzere wake, tabuletiyo n'kuulemba, n'kuikapo chithunzi, ndipo akafuna amadina batani loika kayimbidwe pansi pa mawu akewo. Chinthucho sichinali choipa ayi, ana anga omwe anachikonda. Choipa chinali lamulo limene linabwera nacho: padesiki pamene pali tabuleti sipagogodedwa. A Hedi anatenga rula ya a Ng'oma n'kukaitsekera mu ofesi mwawo, akuti galasi likasweka iwo akayankha chiyani.

Phunziro lililonse linkayamba ndi mphunzitsi kunena mzere wachitsanzo m'tabuleti yake, ana akumvera. Tsiku loyamba ndinasiya kalasi yanga n'kukaima pawindo pawo. A Ng'oma anayesa kupondaponda pansi, koma nsapato zawo zinali za mphira, pasimenti sizinkalira. Mzere wake unali wakuti mvula yagwa padenga. Anakakamira pa mawu oyamba omwewo, milomo ili njenjenje, mitsempha ya m'khosi itatupa.

"Sindinamve bwino. Bwerezani," inatero tabuleti, ndi mawu aulemu a mzimayi.

Anabwereza, nayonso inabwereza. Ndiye kamtsikana kena ka kutsogolo, kochenjera kwambiri m'kalasimo, kanajambula mawuwo n'kudina batani la kayimbidwe lija. Chibwibwi chinagwera ndendende pa ng'oma za m'makinamo, chinasanduka nyimbo yovinika. Kalasi inaphulika ndi chikhakhali. Popeza ntchito ya mwana mmodzi imaonekera m'matabuleti onse, pofika nthawi yopuma sukulu yonse inali ikuimba kuti mvu-mvu-mvu, ena akutupitsa khosi dala. Ana alibe chisoni akapeza choseweretsa.

Sabata isanathe, a Hedi anaitana a Ng'oma n'kuwauza kuti akufuna kuwapumitsako. Kupumako kunali kukhala m'kachipinda kosungiramo katundu, pakati pa matsache ndi mipando yothyoka, kutchaja matabuleti ndi kupukuta zala za ana pamagalasi. Kalasi yawo anaipereka kwa mphunzitsi wachinyamata. Bambo aja ankafikabe m'mamawa atavala tayi, n'kumalumikiza mawaya mwakachetechete. Belu likalira ankaimirira ngati akupita kukaphunzitsa, kenako n'kukhalanso. Zinkandiwawa mtima kwambiri.

Nyimbo ija inakafika ku kampani, ndipo kumeneko anaikonda, akuti ikuonetsa luso la ana. Litayandikira tsiku loonetsa makolo ntchito za ana, a Hedi anatsikira okha kukachipinda kaja, ine ndili momwemo kudzatenga matabuleti a kalasi yanga. Anauza a Ng'oma kuti alendo a ku kampani akufuna kuona mwini mawuwo ali pa siteji, ana akuvina.

"Mukatithandiza pamenepa, achimwene, za kalasi yanu tidzakambirana temu ikubwerayi," anatero.

Akazi awo a Ng'oma, mayi wosoka zovala amene sankaopa munthu, anabwera kusukulu mawa lake kudzandipempha kuti ndiwaletse. Anati mwamuna wawo si chidole, ndipo kuli bwino akhale pakhomo azithirira maluwa. Ndinayesa. A Ng'oma anandimvetsera mpaka kumapeto, n'kungoloza mbali imene kunali kalasi yawo.

Tsikulo holo inadzaza. Ana anafola kutsogolo, alendo anakweza mafoni, ndipo mtsikana wa ku kampani anatsegula kayimbidwe kaja pa sipika, kopanda mawu, kuti a Ng'oma aikemo awo. Apa m'pamene panachitika chimene a Hedi sanachiganizire. Ng'oma zitalira, lilime la bambo aja linamasuka. Ananena za mvula padenga, za ndowa zotchera pamene padontha, za mwana womvetsera ali m'bulangete, mzere ndi mzere, osapunthwa pena paliponse. Makolo anasiya kunong'onezana. Ana, omwe ankadikira poyambira kuvina, anangoima kakasi.

A Hedi anakweza dzanja, sipika inazima. Anayandikira a Ng'oma akumwetulira n'kuwanong'oneza, koma maikolofoni inali yotsegula ndipo holo yonse inamva.

"Ayi bambo, osati choncho. Alendowa akufuna mmene mumanenera masiku onse muja."

A Ng'oma anayang'ana ana a kalasi yawo kwa kanthawi. Kenako anagwedeza mutu kuti ayambirenso. Ng'oma zinalira, ndipo munthu amene analimbana ndi chibwibwi moyo wake wonse anayamba kuchita cha dala. Ine ndinazindikira kuti n'chabodza, chifukwa chenicheni ndinkachidziwa bwino. Ichi ankachita kutsanzira tabuleti, mvu-mvu-mvu aliyense pamalo pake, kuti ana asasokonezeke povina. Ana anavina, alendo anajambula, anthu anaomba m'manja mpaka ena kupukuta misozi ya kuseka. Akazi awo a Ng'oma anatuluka nyimbo isanathe.

Temu yotsatira itayamba, a Ng'oma anakagogoda pa ofesi atanyamula mabuku awo okonzera maphunziro. A Hedi sanawapatse n'komwe mpando. Anati iwo anali ndi mtima wonse wofuna kuwabwezera m'kalasi, koma tsopano manja awo ndi omangika, chifukwa makolo onse anadzionera okha tsiku lija kuti bambowa satha kuyankhula pamaso pa ana.