Mbuzi Imene Inalipira Dzanja la Achimwene

Kwathu tinabadwa awiri okha, achimwene ndi ine, ndipo Mulungu anagawa mokondera. Iwo anawapatsa mtima, ine anandipatsa pakamwa. Amayi ankati ndikanabadwa mwamuna bwenzi ndili kundende. Achimwene ndi munthu woti ukawaponda phazi amapepesa ndi iwo, ati analiika panjira pako.

Abambo athu atamwalira kumudzi ku Chiparamba, tinalibe ngakhale thabwa limodzi. Bokosi anagula ndi mnzawo wa kutchalitchi, amene analinso bambo wa ubatizo wa achimwene. Munthuyo anali ndi chigayo ku Chipata, m'mphepete mwa komboni ya Nabvutika. Titachoka kumanda anaimirira pakati pa anthu n'kunena kuti, "Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Uyu ndimutenga ine, akakhale pakhomo panga." Amayi anagwada pafumbi kuthokoza. Mwambiwo sanaumalize, ndipo ine ndinachedwa kukumbukira kuti umapitiriza kuti ukachenjera manja udya naye.

Pamenepo n'kuti achimwene atangokwatira kumene. Ananyamuka ndi alamu, mphasa ndi miphika, nakalowa m'kachipinda ka kuseri kwa chigayo. Kuyambira tsiku limenelo mwini chigayo sanamutchulepo bwana. Ankati abambo, iye n'kumayankha kuti mwana wanga.

Patapita zaka inenso ndinabwera kutauni, n'kumagulitsa tomato ndi nyemba pamsika wa m'komboni momwemo. Ndinkawaona achimwene tsiku ndi tsiku, atayera ufa mpaka m'nsidze. Chigayo chonse chinali pamutu pawo: kuyeza chimanga, kuthira, kusintha sefa, kumanga lamba, kusesa. Malipiro analibe tsiku. Mwezi wina ankapatsidwa kenakake m'manja, mwezi wina thumba la ufa, mwezi wina mawu akuti zinthu sizili bwino, mwana wanga. Onani kuti ndati kupatsidwa. Achimwene sankalola kuti tinene kuti amalipidwa.

Kenako inafika nyengo ya kuzimazima kwa magetsi. Chigayo chinasiya kudziwa Lamulungu kapena nthawi yoweruka. Magetsi akabwera, pamenepo ndiye kuti kwacha, ngakhale munthu ali pakati pa kudya. Mwini chigayo anaikanso lamulo lake, kuti magetsi akazima switchi isiyidwe choyatsa, kuti akabwerera chigayo chidzilirire chokha, anthu amve, asataye mpata.

Mnzanga wa pamsika anali ndi mwamuna wogwira ntchito m'sitolo ya Asilamu m'tauni, ndipo ankandiuza kuti akapitirira nthawi amawonjezeredwa malipiro. Ndinapita nayo nkhaniyo kwa achimwene ili yotentha.

"Achimwene, anzanu akulandira ovataimu. Inu mukugaya mpaka Lamulungu, mukulandira madalitso okha?"

Anaseka, n'kundikuntha ufa paphewa. "Iwe mlongo, ukamalimira amayi munda umawawerengera maola? Pano ndi pakhomo."

Tsiku latsokalo linali m'nyengo yozizira, anthu atangokolola, mzere wa matumba utafika kumsewu. Magetsi anazima chigayo chili ndi mphale yonyowa m'mimba, ndipo inamatirira pasefa. Achimwene anatsegula chivundikiro n'kulowetsa dzanja kuti akokolole, monga ankachitira nthawi zonse. Magetsi anabwerera.

Amayi awiri a pamzerepo ndi amene anandithamangira kumsika. Sanathe kunena, ankangoloza dzanja lawo. Ndinasiya tomato pabenchi, mpaka lero sindidziwa amene anatola. Kuchipatala anadula dzanja lamanja pamwamba pa mfundo, chifukwa panalibe choti n'kusoka.

Atatuluka m'chipatala tinapita nawo kumudzi kuti akachire pafupi ndi amayi. Lamulungu lina, Misa itatha, galimoto ya mwini chigayo inaima pabwalo. Anabwera ndi akuluakulu a mphakati wawo wa kutchalitchi, ndipo kumbuyo kunali shuga, mafuta, sopo ndi mbuzi yaikulu yofula. Mwini chigayoyo anakhala pansi pa mtengo wa mango n'kulira, akupepesa. Ndinene zoona, misozi inali yeniyeni. Zimenezo ndi zimene zimandipsetsa mtima kwambiri, chifukwa munthu woipa woonekera ndikanadziwa pomugwira.

Amalume, amene ndiwo mwini mbumba kwathu, ndi amene anayankha. "Tsoka silinunkha. Mwabwera ndi mapazi anu, simunatume munthu. Talandira. Nkhani iyi yathera pansi pa mtengo uno."

Ndinatsegula pakamwa, koma amayi ananditsina pantchafu mpaka ndinatupa. Kwathu munthu akabwera ndi chipepeso, akulu n'kulandira, nyama n'kudyedwa, mlandu wafa. Woudzutsanso ndiye amakhala wolakwa. Mbuzi inaphedwa masana omwewo ndipo mudzi wonse unadya. Ine ndinadyera nkhwani, anthu n'kumatsinana kuti tauni yandiwononga. Ndinkaona alamu akunyemera achimwene nyama n'kuwaikira pafupi, iwo akulimbana ndi mbamu kudzanja lamanzere, dzanja limene amayi ankatimenyera tili ana tikadyera.

Bala litapola anabwerera kuchigayo. Anapeza munthu wina pamakina, ndipo katundu wawo anali atamangidwa kale, poti wogaya watsopano ankafuna pogona. Palibe amene anati mwachotsedwa ntchito. Mwana sachotsedwa ntchito. Anangouzidwa kuti, "Pumulani kaye, mwana wanga, tiona mmene tichitire." Kupumako sikunathe. Chimene anawalola n'kubwera Loweruka kudzasesa gaga wotayika pansi, kuti akagulitse kwa oweta nkhumba. Anachita lendi kachipinda pafupi ndi ine, alamu n'kuyamba kuchapa zovala za anthu.

Ine tulo ndinalibe. Ndinafunsafunsa mpaka ndinapeza ofesi ya boma yoona za antchito, imene timangoti kuleba. Achimwene ndinachita kuwakoka, nditawanamiza kuti tikungokafunsa. Tinapeza mayi wina wodekha, amene anatimvetsera osayang'ana wotchi. Anatifotokozera kuti munthu akavulala pantchito lamulo limati alandire chipukuta misozi, kuti wogwira ntchito kupitirira nthawi ayenera kuwonjezeredwa malipiro, ndiponso kuti wantchito sathamangitsidwa ndi mawu okoma chabe. M'maganizo ndinaona ana a achimwene akupitiriza sukulu, ndinaona alamu atasiya kuchapa. Mayiyo anati aitanitsa mwini chigayo.

Tsiku lake anabwera atavala jekete yakuda ya kutchalitchi. Sanakalipe. Analowa n'kuika dzanja paphewa la achimwene, n'kufunsa ngati ana adzuka bwino. Ndinaona khosi la achimwene likugwa pang'onopang'ono, ndipo ndinadziwa kuti zathu zada.

Mayi uja anafunsa, "Bambo, kodi munthu uyu anakulembani ntchito pachigayo chake?"

Achimwene anayang'ana pansi. "Awa ndi abambo anga. Ine ndinkangothandiza pakhomo."

"Achimwene!" ndinakuwa. "Kuthandiza kwanji kodula dzanja?"

"Mayi, dikirani," anatero wa ofesiyo, n'kutembenukiranso kwa iwo. "Musaope. Ngakhale akhale bambo wanu wokuberekani, ngati munkagwira ntchito tsiku ndi tsiku, lamulo likukuonani ngati wantchito. Mukungofunika kunena kuti mukudandaula."

"Nkhaniyi inatha kumudzi," anatero achimwene. "Anabwera kudzapepesa. Mbuzi tinadya."

"Lamulo silidziwa mbuzi, bambo."

"Koma ine ndikuidziwa."

Mayiyo anayesa uku, anayesa uku, kenako anandiyang'ana ine mwachisoni. Anati wodandaula ayenera kukhala mwini dzanja, osati mlongo wake, ndipo khomo lili lotsegula akadzasintha maganizo, bola asachedwe. Mwini chigayo anathokoza mwaulemu n'kutiuza kuti tikwere galimoto atisiye kunyumba. Ine ndinati miyendo yanga ikadalipo yonse.

Achimwene atandipeza panja ndinawafunsa mwaukali.

"Mukuopa chiyani? Angakuduleninso chiyani chimene sanadule?"

"Iwe mlongo," anayankha motsitsa, "abambo athu agona m'bokosi la yani?"

"Ndiye tiyeni tikafukule timubwezere matabwa akewo, atibwezere dzanja!"

Anandiyang'ana ngati sanandionepo. Dzinja lonse lija sanandilankhule, ndipo amalume anatuma uthenga kuti ndawachititsa manyazi pamaso pa munthu wabwino. Kutchalitchi amayi ena ankasuntha ndikakhala pabenchi. Ndinkadana ndi mudzi wonse, koma kwambiri ndinkadana ndi ulemu wa achimwene, umene unkawadya amoyo.

Zaka zinapita. Mwana wawo woyamba anasiyira sukulu panjira. Alamu manja anang'ambika ndi sopo. Achimwene anaphunzira kugwira tsache ndi dzanja limodzi, kukanikiza thumba ndi bondo, kumanga ndi mano. Loweruka lililonse ankabwerako ndi gaga ndi mawu omwe aja: "Abambo akuti sanandiiwale. Akuti pogawa zinthu zawo dzina langa lilipo." Ndinaleka kuwatsutsa, chifukwa ndinaona kuti mawuwo ndi amene ankawadzutsa m'mawa.

Chaka chathachi mwini chigayo anamwalira. Achimwene analira kuposa mmene analirira abambo athu. Ndi iwo anayamba kufika pamaliro, kukoka nkhuni, kuyala mabenchi, kulandira anthu pachipata. Ana a malemu anabwera kuchokera ku Lusaka ndi magalimoto awo. Ine ndinapita chifukwa maliro sakanidwa, n'kukhala ndi amayi anzanga kophikira.

Titachoka kumanda, mwana wamkulu wa malemu anaima pakhonde kugawa anthu podyera. Anati achibale alowe m'nyumba, a mpingo akhale m'tenti, antchito akadyere kuseri kuchigayo. Ndinaona achimwene akupukuta mapazi pachiguduli, akukwera khonde. Mwamunayo anawagwira pachifuwa, mwaulemu ndithu.

"Amdala, antchito ndi kuseri."

"Ine ndine mwana wa m'nyumba muno," anatero achimwene. "Abambo ndi amene anandiimira paubatizo."

"Ee, tikukudziwani bwino. Munagwira ntchito kwa adadi zaka zambiri. Pitani kuseri, chakudya chiliko chokwanira."

Sanali kuwanyoza. Ankangonena zimene aliyense m'nyumbamo ankadziwa kuyambira kale. Mawu amene ndinawafuna ndi misozi ku ofesi kuja anatuluka mosavuta pakhonde, mwini wake ali m'manda. Ndinaimirira ndi chikombe m'manja, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga pakamwa panga panauma. Achimwene anatsika khonde chambuyo, n'kuzungulira nyumba kupita kuchigayo.

Pogawa chuma dzina lawo silinatchulidwe. Chigayo chinagulitsidwa, ndipo mwini watsopano amagulitsa yekha gaga wake, ngakhale wosesa pansi. Mkazi wa malemu, mayi wachifundo, anawaitanira kumbali n'kuwapatsa chovala chimodzi kuti azikumbukira abambo awo. Inali jekete yakuda ija.

Patapita masiku anabwera kwanga madzulo, jeketeyo ataipinda kukhwapa. Anakhala pampando.

"Mlongo, kodi kuofesi kuja titapitanso, angatimvere?"

Tinapita m'mawa mwake. Mayi uja anali atasamutsidwa. Amene tinamupeza anatimvetsera, n'kupukusa mutu. Anati papita nthawi yaitali, woti aitanidwe kudzayankha kulibe, chigayo chili m'manja mwa wina, ndipo sakufuna kutinamiza. Achimwene anamuthokoza, chifukwa iwo amathokoza aliyense.

Tinabwerera limodzi mpaka pakhomo panga. Ndinali nditasunga mawu ambiri zaka zonsezi oti ndidzawauze tsiku ngati limeneli, koma nditawaona atakhala pakhonde, imvi zitayamba, ndinangomva chisoni chokhachokha. Anatambasula jekete ija pamaondo.

"Kukuzizira masiku ano," anatero. "Koma mkono uwu ukumalendewera, ana akumaseka. Undipindireko, usoke."

Ndinatenga singano. Ndinapinda mkono wakumanja mpaka pamene dzanja lawo linathera, n'kusoka ndi ulusi wakuda kuti pasaoneke. Anaivala, inawakwana bwino. Amapita nayo ku Misa Lamulungu lililonse.