Mendulo ya Abusa a Lachinayi

Ine ndimayendetsa lole ya khonsolo, ndipo Lachinayi lililonse ndimanyamula anthu osalankhula. Ndi mitembo yomwe yakhalitsa kumochale popanda wodzaitenga: ogundidwa ndi galimoto, amisala, nkhalamba zomwe abale anazisiya m'chipatala n'kuthawa. Musandiyang'ane choncho, ntchito ndi ntchito.

Tsiku langa loyamba ndinapeza bambo wina wamfupi, wa jekete yotuwa, atakhala kale kutsogolo kwa lole. Ndinati, "Inu ndiye ndani?" Okumba manda anaseka. "Amenewo ndi Abusa a Lachinayi. Loleyi sinyamuka popanda iwo."

Mpingo wawo ndi wochepa, amapemphera m'kalasi ya pasukulu. Kumandako palibe anawatuma, koma apitako zaka makumi atatu. Ndipo sapempherera mitembo yonse pamodzi ngati matumba a simenti, ayi. Aliyense amamuimirira payekha, kenako amalemba m'kope lawo: chipsera pachipumi, malaya obiriwira, mzere wachitatu. Ndinaonapo mayi wina atabwera patapita zaka ziwiri kufunafuna mwana wake. Abusa anatsegula kope n'kumulozera pamalo penipeni.

Poyamba ankanditopetsa. "Abusa, akufawo sakumva, tiyeni!" Iwo ankangoti, "Achimwene, koma inu mukumva."

Chaka chatha kunabwera kalata. Boma likulemekeza atsogoleri azipembedzo omwe atumikira anthu, ndipo abusa akalandire mendulo kuholo. Tsiku lake? Lachinayi, teni koloko m'mawa. Koma abale, masiku onsewa!

Amayi busa anandipeza kugalaja. Mayi ameneyu wamva zambiri. Abusa anzawo amawatchula amuna ake kuti m'busa wa mitembo, ena safuna n'kuwagwira dzanja komwe. Anati, "Adalaivala, chonde, bambowa akaimeko pamaso pa anthu kamodzi kokha. Ndithandizeni." Ndinalonjeza.

Ndinapempha akumochale kuti tisinthe tsiku, anakana, malo anali atadzaza. Lachinayi lija m'mawa ndinapeza abusa ali pampando wawo uja, jekete yosita bwino, nsapato zopolisha.

"Abusa, tsikani, pitani kuholo. Lero tiwaika tokha."

"Alipo angati?"

"Asanu ndi awiri."

"Ndiye lizani galimoto."

Dzulo lake kunagwa mvula, kumanda kunali matope okhaokha. Ndinkaganiza kuti lero afupikitsa. Aa, kuti? Woyamba pemphero lake, wachiwiri pemphero lake, kope likulembedwa pang'onopang'ono. Atafika pa wachisanu mtima unandiphulika, ndinaliza hutala. Kumanda! Mulungu andikhululukire. Abusa sanatembenuke n'komwe.

Tinafika kuholo wani koloko, anthu akusanjikiza mipando. Amayi busa anali atakhala okha pakhonde, maso ali psu. Dzina la amuna awo linaitanidwa katatu, iwo ali m'katimo, anthu akucheuka ndi kunong'onezana. Nditawaona ndinamva manyazi ngati wakuba.

Nthawi yomweyo ndinaona galimoto yakuda ya nduna yomwe inkapereka mamendulo ikulowera kugeti kuti izipita. Sindinaganize. Ndinabweza lole n'kuipingasa pageti pomwepo, okumba manda ali pamwamba ndi mafosholo awo. Apolisi anathamanga akukuwa. Nanenso ndinakuwa, "Ndimangeni, koma munthu mumamuitana uja ndi uyu!"

Nduna inatsika nkhope ili gwa. Inayang'ana ine, inayang'ana lole, kenako nsapato za abusa, zomwe zinali zitasanduka zibuma za matope.

"Abusa, tinakuitanani katatu. Munali kuti?"

"Pepani bwana, ndinali ndi maliro asanu ndi awiri."

"A mpingo wanu?"

"Ayi bwana. Opanda mwini."

Anapereka kope lija. Nduna inatsegula tsamba limodzi, lina, linanso. Inapitiriza kuwerenga mpaka wapolisi amene anandigwira mkono anayamba kundisiya yekha. Kenako inaitanitsa kabokosi m'galimoto, n'kuwaveka abusa mendulo pageti pomwepo. Okumba manda anaomba m'manja, osanjikiza mipando anasiya ntchito n'kubwera, apolisi nawo anachita sailuti. Amayi busa analira mokweza osabisa nkhope, ndipo ine amene ndimati ndine wouma mtima ndinapukuta maso ndi chipewa.

Kuntchito anandipatsa kalata yochenjeza chifukwa chotseka geti. Ndinaisunga bwino, sindidandaula nayo.

Lachinayi lotsatira ndinapeza abusa pampando wawo, mendulo ili pachifuwa, ikuwala pajekete yotuwa ija. Ndinaseka. "Ee, Abusa, mwayamba matama? Kumanda mukaonetsa ndani?"

Tsiku limenelo tinali ndi mtembo umodzi wokha, nkhalamba yomwe anaitola kudepoti. Titaitsitsa m'dzenje, abusa anaima m'mphepete, anakonza mendulo ija kuti ikhale bwino, n'kuwerama pang'ono.

"Agogo, dzina lanu sitikulidziwa. Koma musadandaule, simukupita ngati wotayidwa. Amene akukuikani lero ndi munthu wodziwika ndi boma."

Ndinavula chipewa, ndipo ndinadikira mpaka atamaliza.